Kusamala Batire la Galimoto M'nyengo ya Chisanu

Mwezi wa Meyi ukamatha, phiri la Zomba, lomwe nsonga yake ikupitirira mamita 2,000, limayamba kufunda nkhungu. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaomba, ndipo kuyambira ku Ku Chawe pamwamba pa phiri mpaka ku Matawale, Chinamwali ndi Zakazaka, si chachilendo kuona anyamata akukankha galimoto m'mamawa. Galimoto zimene zimakana kulira chotere kawirikawiri ndi zimene zakhala zitaimikidwa kwa masabata angapo, kaamba koti mwini wake anapita ku Joni, mafuta anasowa, kapena akudikira chitsulo china. Tsono vutoli limakula pamene wodwala kapena mayi woyembekezera afunika kuthamangira naye kuchipatala usiku.

Ambiri amaloza chala chisanu. Koma zoona zake n'zakuti chisanu cha kuno kwathu sichipha batire. Chimangoulula kufooka kumene kunalipo kale. Chimene chimapha batire ndicho kukhalitsa lopanda moto wokwanira.

Batire la mtundu umenewu analitulukira ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. La galimoto lili ndi zipinda 6, ndipo m'chipinda chilichonse muli mbale za mtovu zomizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Likadzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6, likafika pa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la mphamvu yake. Ngakhale galimoto isakuyenda, moto umathabe pang'onopang'ono, ndipo wotchi, wailesi ndi alamu zimapsontha wotsalawo usana ndi usiku. Batire likakhala lophwa kwa nthawi yaitali, pambale zija pamamera timibulu touma timene timakana kusungunuka, kotero kuti ngakhale alitchaje silisunganso moto monga kale. Kunja limaonekabe latsopano, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chisanu chikafika, mphamvu ya batire imatsika pamene oilo wa mu injini walimba ndipo akufuna mphamvu yochuluka. Apa ndi pamene lofooka limagonja.

Motero munthu wofuna kuimika galimoto yake ayambe walitchaja batire mpaka kudzaza. Kenaka amasule waya wa ku mutu wa chizindikiro chochotsera (−), ndipo ngati akulichotseratu m'galimoto, wa chizindikiro chophatikiza (+) ubwere pambuyo. Pobwezera ayambe ndi wophatikiza, chifukwa sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto waya wochotsera uli wolumikiza, pamathetheka moto woopsa. Zoyera zimene zimatuwa pamitu ya batire azitsuke ndi soda wosungunula m'madzi ofunda, osalola kuti alowe m'zipinda, napakepo girisi pang'ono.

Ngati batirelo ndi la zitsekerero, ayang'ane kuti madzi akuphimba mbale zonse. Akachepa, athiremo madzi a batire ogula kumalo omwetsera mafuta. Madzi a pampopi kapena a pachitsime ali ndi mchere wosaoneka umene umaononga mbale, ndipo kuthiramo asidi wina n'kulakwitsa, pakuti chimauma ndi madzi, osati asidi. Alisunge pamalo ouma, ozizira bwino ndi opita mphepo. Kuliika pafupi ndi mbaula poganiza kuti lisazizidwe n'kudzipweteka, chifukwa kutentha ndiko kumafulumizitsa kutha kwa moto wake.

Kamodzi pamwezi batire lipimidwe, ndipo likatsika kufika pa mavoti 12.4 litchajidwenso. Amene alibe magetsi a ESCOM angathe kulipereka kwa otchaja mabatire pamsika, kapena kugwiritsa ntchito sola yokhala ndi kachipangizo koletsa moto kupyola muyeso. Kuliza injini kwa mphindi 5 pakhomo sikuthandiza kwenikweni. Ulendo wa theka la ola kapena kuposerapo ndiwo umapindula. Potchaja, batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, kotero fodya, kandulo ndi koloboyi zikhale kutali. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri napite kuchipatala msanga.

Malangizo omwewa akhudzanso mabanja a kumudzi amene amaunikira nyumba ndi kumvera wailesi pa batire la galimoto: asadikire kuti mawu a wailesi azilale asanakalitchaje. Batire likatheratu ntchito, asaliswe kapena kulitaya pamene ana amasewera, pakuti mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa mwana. Alipereke kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale.

Batire latsopano limadya ndalama zimene zikanagula feteleza kapena kulipirira mwana sukulu. Sipanala, soda pang'ono ndi kukumbukira tsiku limodzi pamwezi n'zokwanira kuti galimoto idzalire pa tsiku limene idzafunike.