Dimba la pakhomo liyambe ndi nthaka: mawu kwa alimi a kwa Kasakula



Nkhani yathu lero ndi ya dimba la pakhomo. Ambiri tikamva za dimba timathamangira kogula mbewu, pomwe ntchito yeniyeni ili pa nthaka. Malo ozungulira nyumba zathu kuno ku Ntchisi ndi katondo wouma gwa, wosesedwa m'mawa uliwonse, wopondedwa ndi anthu ndi mbuzi. Komanso ambirife tinamanga pamtsetse. Kafukufuku amene bungwe la FAO linatulutsa mu 2016 anaonetsa kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Ife a m'mapiri sitifunika kuuzidwa zimenezi, timaona tokha mtundu wa madzi a m'mitsinje mwezi wa Januwale.

Choncho poyamba tiyang'ane kumene madzi a padenga ndi a pabwalo amathamangira. Kumtunda kwa dimba tiike kalozera ndi kubzalapo udzu wa vetiva, ndipo mabedi agone mopingasa mtsetse.

Pokumba pamafunika kudekha. Khasu lathu lazolowera kupala pamwamba pokha, ndipo pansi pake pamakhala dothi lolimba lomwe mizu ya matimati kapena mpiru singaboole. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi kuti tizifika pakati osapondapo. Tichotse dothi lapamwamba n'kuliunjika pambali, tiswe lapansilo mpaka kuya kwa masentimita 60, tithiremo manyowa, kenako tibwezere lapamwamba lija titalisakaniza ndi manyowa ena. Ndi ntchito yothyola msana, inde, koma sitiibwereza chaka chilichonse. Abambo, ntchito imeneyi tisawasiyire amayi okha poti ndiwo n'za kukhitchini, pakuti mbale ikabwera sitikana. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi kuti lisunge chinyezi, m'dzinja likhale lokwera.

Nanga manyowa tiwatenga kuti? Taonani bonongwe wonenepa amene amamera yekha padzala. Chonde chimene timasesa pabwalo chimathera kumeneko. Dothi lapadzala ndi labwino, bola tichotsemo mapulasitiki, magalasi ndi mabatire. Ndowe zaziwisi zimawotcha mbande, tizidikire ziwolerane. Mapesi, masangwi a soya ndi mtedza, masamba a deliya ndi phulusa pang'ono zonsezi zilowe m'dzenje la kompositi kapena m'chimato. Amene ali ndi feteleza wochepa akhoza kupanga manyowa a Mbeya posakaniza ndi madeya, ndowe, phulusa ndi madzi, n'kumanga m'thumba masiku 21. Mafumu athu, tithandizeni pa nkhani ya moto wosakira mbewa, chifukwa ukutimalizira zipangizo za manyowa. Ndipo mpanda uyambe kumangidwa mbewu isanafesedwe, nkhuku sizidikira.

Tsopano mawu athu kwa boma. Kuyambira mu 2005 pamene ndondomeko ya makuponi inayamba, kudzafika pa AIP mu 2020, ndalama zambiri za ulimi zinkapita ku feteleza wa chimanga. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba unakwera kufika poti mlimi wamba sangaganize zothira feteleza wogula pa masamba. Sitikukana feteleza ayi. Koma feteleza wothira pa dothi lopanda manyowa amangokokoloka ndi mvula yoyamba.

Tikupempha zinthu zomveka. Alangizi achuluke ndipo apatsidwe mayendedwe oti afike m'midzi ya kumapiri kuno, osati m'mbali mwa msewu mokha. Kuyeza nthaka kufike pafupi, chifukwa mlimi wa kwa Kasakula sangakwere galimoto ndi kathumba ka dothi mpaka ku Chitedze. Tikufunanso nazale za vetiva ndi gilirisidiya m'dera la mfumu yaikulu iliyonse. Makalabu alembe mayina a mabanja amene akufuna kuyamba dimba chaka chino, atipatse mayinawo kuti tipite nawo ku ofesi ya zaulimi ya boma la Ntchisi.