Kanema Tili Naye, Nanga Olemba Ali Kuti?



Wailesi ya kanema inayamba kuulutsa m'dziko muno pa 1 Epulo 1999, patapita zaka 35 chikhazikitsire MBC. Lero nyumba zoulutsira zithunzi zachuluka, ndipo achinyamata odziwa kugwira kamera alipo ambiri. Amene akusowa ndi munthu woti alembe nkhani imene kamerayo ijambule. N'chifukwa chake ana athu pa Bvumbwe ndi pa Luchenza amakhamukira ku mafilimu a ku Nigeria ndi ena achilendo owaikira mawu a Chichewa.

Tisanamizane kuti Amalawi sadziwa kupeka. Samuel Ntara anatulutsa buku la Nthondo mu 1933. Du Chisiza Jr., amene anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, ankadzaza maholo ndi masewero olemba yekha. Mwatsoka anatisiya mu February 1999, kutatsala milungu yowerengeka kuti kanema ayambe. Shemu Joyah, ndi filimu yake ya Seasons of a Life, anaonetsa kuti nkhani yolembedwa mofatsa imakondedwa ngakhale kunja.

Vuto lagona pa momwe timamuonera mlembi. Pogawa ndalama, wojambula ndi woyendetsa galimoto amalandira poyamba, mlembi amatola zotsala. Nthawi zina salembedwa n'komwe ntchito: ochita sewero amangouzidwa kuti ayankhule zimene zawafika pakamwa, basi kukangana kwa mphindi makumi atatu. Komanso masewero ambiri amalipiridwa ndi mabungwe amene amabwera ndi uthenga wawo wokonzeratu. Uthengawo ndi wabwino ndithu, koma anthu a m'seweromo amasanduka zikwangwani, ndipo woonera amadziwa mathero sewero lisanafike pakati.

Chonsecho kuno ku Thyolo nkhani zangoti mbwee. Agogo athu achilomwe anaoloka malire kuchokera ku Mozambique nadzagwa m'goli la thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta. Alipo mayi wothyola tiyi amene malipiro ake amadalira sikelo ya kapitawo. Lilipo banja lopanikizika pakati pa esiteti ndi nkhalango ya phiri la Thyolo, ana asanu akuyang'ana kamunda kamodzi. Ndani walemba zimenezi kuti zioneke pa kanema?

Inu aphunzitsi, pamene mukukonzekera mipikisano ya masewero, lekani kupatsa ana sewero lokopera. Atumeni kwa okalamba omwe anagwirapo ntchito m'maesiteti, akamve, akalembe, ndipo muwabwezere kawiri kapena katatu kuti akonze. Inu a m'maofesi amene mumaitanitsa masewero a zaumoyo kapena zaulimi, ikani malipiro a mlembi pamzere wakewake m'ndondomeko ya ndalama, ndipo muyambe mwawerenga zolembazo musanatumize galimoto ya ojambula.