Za Kucurukitsa Ndarama M'dziko: Mau Onenedwa pa Msonkhano

 Pa msonkhano wapitawo panamveka funso lakuti, Ngati anthu asowa ndarama, Boma lilekeranji kupanga zambiri? Ine ndine mlembi cabe, koma ndifuna kuika pamaso panu cimene cinacitika ku England, kumene anayesadi njira imeneyi.

M'caka ca 2008 mabanki akuru anagwedezeka, naleka kukongoza anthu. Malonda anazirala, ndipo ambiri anacotsedwa nchito. Tsono m'mwezi wa March 2009 Bank of England, mkuru wace pa nthawiyo anali Mervyn King, inatsitsa ciongoladzanja kufikira 0.5 pa 100, niyamba kupanga ndarama zatsopano, poyamba mapaundi 75 biliyoni. Musayese kuti inasindikiza mapepala, iai. Inangolemba ciwerengero m'mabuku ace, nigula naco makalata a ngongole ya Boma, makamaka kwa iwo akusunga ndarama za penshoni ndi za inshuwaransi. Ciyembekezo cinali cakuti ogulitsawo, pokhala nazo ndarama m'manja, adzaziika m'makampani, ngongole idzapepuka, ndi anchito adzaitanidwanso. Pofika 2021 ciwerengeroco cinakwana mapaundi 895 biliyoni.

Mankhwalawa anathandiza, sindikana. Pakuti makina analipo, manja ogwira nchito analiponso, koma zinangokhala. Koma apa, Mafumu, cherani khutu. Inu amene muweruza mirandu ya madimba mudziwa kuti mwini wa kumtunda kwa ngalande ndiye ayamba kuthirira. Momwemonso ndarama zatsopanozo zinayamba kufika kwa eni cuma, mitengo ya masheya ndi ya nyumba nikwera. Banki yomweyo inabvomera m'caka ca 2012 kuti mabanja 5 mwa 100, olemera koposa, ndiwo anali nao magawo 40 pa 100 a cuma ca masheya ndi makalata otere cosungidwa ndi mabanja. Mnyamata wofuna nyumba yace yoyamba anaipeza itamtalikira.

Abale athu a ku Zimbabwe, amene makolo ao anapita kumigodi ndi kumafamu, anaona zoposa izi. Kumeneko zokolola zinali zitacepa, ndipo ndarama zinasindikizidwa kuti Boma lilipire zosowa zace. Ndarama zinacuruka, ufa osacuruka. M'mwezi wa January 2009 kunaturuka pepala limodzi la madola 100 tiriliyoni, ndipo caka comweco anthu anaisiya ndarama yao, nayamba kugula ufa ndi dola ya ku America ndi randi ya ku South Africa.