Midzi Isanu ya pa Gombe la Liguria

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Italy, m'chigawo cha Liguria, kuli midzi isanu yomangidwa pa matanthwe oyang'ana nyanja ya Mediterranean. Midziyi ndi Monterosso, Vernazza, Corniglia, Manarola ndi Riomaggiore, ndipo eni ake amaitchula pamodzi kuti Cinque Terre.

Kwa zaka mazanamazana, munthu ankafikako pa bwato kapena pa tinjira ta m'mapiri, kufikira pamene njanji yochokera ku Genoa kupita ku La Spezia inatsegulidwa m'chaka cha 1874. Lero mlendo amatsika sitima pa mudzi uliwonse. Ku Monterosso amalawa tinsomba tothira mchere tonga usipa, ndipo kuti akafike ku Corniglia, mudzi wokhala pamwamba pa thanthwe, amakwera masitepe opitirira 300.

Komatu moyo wa midziyi wagona pa makoma a miyala, omangidwa popanda simenti, amene amachirikiza minda ya mphesa ndi azitona m'malo otsetsereka. Alimi ambiri anaisiya mindayi, ena kukafuna ntchito m'mizinda, ena kutumikira alendo, ndipo khoma lopanda mwini silichedwa kugwa. Pa 25 Okutobala 2011 chimvula chinakokolola matope ndi miyala, nkukwirira misewu ya Vernazza ndi Monterosso, ndipo anthu anataya miyoyo.

Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1997. Koma mndandanda sumanga khoma. Ntchitoyo ikudikirabe manja a mlimi, mwala umodziumodzi.