Tikavulala pa ngozi: tisankhe bwanji loya wotithandiza pa chipepeso



Chuma cha mlimi wamng'ono ndi thupi lake. Mwendo ukathyoka mu Disembala, munda sulimidwa, feteleza wa ngongole amangokhala m'nyumba, ndipo banja lonse limalowa m'njala. Ngozi zotere zimatipeza pa msewu popita ku msika, pa njinga, pa ngolo, ngakhalenso pa ganyu ku esiteti. Lero tikambirane za chipepeso, ndiponso za loya amene tingamutume kukatimenyera nkhondo.

Poyamba tidziwe kuti chipepeso si chifundo ayi, ndi lamulo. Lamulo la pa msewu la chaka cha 1997 limalamula kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena. Galimoto ikatigunda chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala, tili ndi ufulu wosumira dalaivalayo, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwaransi. Kampaniyo imalipira kulekeza pa ndalama zomwe idagwirizana ndi mwini galimoto, zotsalazo zimafunidwa kwa mwiniyo. Tichenjerenso ndi matola: kampani ikhoza kukana kulipira munthu amene adakwera pamwamba pa katundu mu lole.

Amene wavulala pa ntchito yolembedwa ali ndi njira ina. Lamulo la chipepeso cha anthu apantchito la chaka cha 2000 limati nkhani yake ipite ku ofesi ya leba ya m'boma lake. Kumeneko sitifunika kuyamba ndi loya.

Chachiwiri ndi nthawi. Mlandu wovulala uyenera kukalowa ku khoti zisanathe zaka zitatu chichitikireni ngozi. Ambiri timataya miyezi podikira malonjezo a mwini galimoto, amene amabwera ku chipatala ndi shuga ndi buledi kenako osaonekanso. Nthawi ikadutsa, ngakhale loya wodziwa bwanji amasowa pogwira.

Chachitatu ndi mapepala. Loya sadzalimbana ndi kampani ndi pakamwa pokha. Tisunge lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, buku la ku chipatala, nambala ya galimoto ndi mayina a mboni. Tisungenso malisiti a mankhwala ndi a thiransipoti, chifukwa ndalama zomwe tidawononga khoti limafuna umboni wake. Ife alimi sitilandira malipiro a pa mwezi, choncho mapepala ogulitsira fodya ku okushoni, malisiti a mtedza ndi soya, ndi kaundula wa kalabu ndiwo angasonyeze zomwe tinkapeza tisanavulale. Alembi a makalabu, apa ndi pamene mabuku anu amapulumutsa munthu.

Tsopano tifike pa loya weniweniyo. Pali madobadoba amene amazungulira m'zipatala ndi pa polisi, kunyengerera ovulala kuti asayine mapepala munthu akadali pa bedi. Tisalole. Loya timusankhe tokha, tipite ku ofesi yake, timuone ndi maso athu. Loya aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chimenecho, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society limatulutsa mayina a amene ali nacho. Amene tilibe ndalama tipite ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza osauka pa milandu, yomwe idayamba ntchito mu 2015.

Safunsa adadya phula. Tisanasayine chilichonse timufunse loyayo kuti adzatenga zingati, adzatenga liti, ndipo mlandu ukativuta tidzalipira chiyani. Mayankho ake alembedwe pa pepala, ife titenge kope yathu. Tidziwenso kuti mlandu ukatikomera, khoti nthawi zambiri limalamula wolakwayo kulipira ndalama zoyendetsera mlandu, padera pa chipepeso. Tifunse kuti ndalama zimenezo zidzachepetsa bwanji zomwe loya adzadule kwa ife. Amene sitidziwa kuwerenga titenge mwana wathu kapena mlembi wa kalabu, ndipo tisadinde chala pa pepala lomwe sanatiwerengere m'Chichewa.

Mlandu ndi wathu, loya ndi mtumiki chabe. Sangavomere ndalama kuchokera ku kampani popanda ife kulola. Nafenso tisathamangire kulandira kochepa bala lisanapole, chifukwa tikasayina kuti nkhani yatha, sitingabwererenso mwendo ukakanika kugwira ntchito. Tsiku lolandira ndalama tipemphe kuona chigamulo cha khoti kapena kalata ya kampani yosonyeza ndalama zonse, pamodzi ndi pepala lofotokoza zomwe zadulidwa. Loya akakana, kapena akasunga ndalama zathu osatipatsa, tikadandaule ku Malawi Law Society, pakuti maloya osakhulupirika amalangidwa, ena mpaka kulandidwa chiphaso.

Pomaliza tikupempha kalabu iliyonse kuti isankhe anthu awiri operekeza membala wovulala ku polisi, ku chipatala ndi kwa loya. Munthu wodwala, ali yekha, amanamizidwa msanga. Akakhala ndi anzake pambali, ndi mapepala ake m'manja, amamveredwa.