Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsegulira Nkhalango ya M'mudzi ndi Dimba ku Nsanama

Wapampando wa mwambo uno, Mfumu Yaikulu Nsanama pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zonse, Bwanamkubwa wa boma la Machinga, olemekezeka aphungu ndi makhansala, mkulu woona za nkhalango m'boma lino ndi alangizi anu, akuluakulu a bungwe lachifundo loyang'anira malo ano, mashehe, abusa ndi ansembe, a makomiti achitukuko, aphunzitsi ndi ana asukulu, abale amene mwawoloka Shire kuchokera ku Balaka, atolankhani, amayi ndi abambo.

Ndiyambe ndi inu, Gogo Mfumu Yaikulu Nsanama. Malo ndi ovuta masiku ano, koma munapereka malo oti pakhale mitengo. Zikomo kwambiri. Amayi, kanthungululu pamenepo!

Ndazungulira m'dimbamu. Ndaona mbande za mbawa, msangu ndi mango zikukula bwino, ndiwo zamasamba zili biriwiri, mbuzi zikungosuzumira pageti. Mpandawu mwaumanga ndi mabuloko a simenti osati njerwa zootcha, motero simunagwetse mtengo kuti muteteze mtengo. Ndi zimene boma lakhala likupempha chiyambire 2018.

Tisanamizane, abale anga. Aliyense woyenda mumsewu wa Liwonde kupita ku Ntaja amaona matumba a makala pa njinga. Makalawo akuchokera m'nkhalango ya Liwonde ndi m'mapiri a Chikala, ndipo owotchawo si alendo. Ndi ana athu, ndipo enafe ndi amene timagula. Phiri likayera, madzi a mvula sakhazikika. Amakokolola nthaka, mitsinje nkuuma msanga. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2012 ndi 2018. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tonse tikumukumbukira.

Boma linalonjeza kubwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo, ndipo linakhwimitsa zilango kwa owononga. Koma lamulo silithirira mbande. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timadzala mitengo yambiri. Ofunika kufunsidwa ndi ife: pofika Okutobala, yatsala ingati? Ina yapsa ndi moto wa osaka mbewa. Anyamata kumbuyo uko, mukundimva? Mbewa imodzi isatithere nkhalango.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Lambulani njira zotchinga moto udzu usanaume. Samalirani mphukira za pazitsa m'minda mwanu, chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo zimakula msanga. Amayi, mbaula za chitetezo zimadya nkhuni zochepa; tizigwiritse ntchito. Ikani ming'oma ya njuchi, kuti mtengo woimirira uzibweretsa ndalama kuposa wogwetsedwa.

Inu a bungwe, mwagwira ntchito yotamandika, koma kumbukirani kuti mukungosungira eni ake. Ndalama za mbande, uchi ndi masamba muziziwerenga poyera, pabwalo la amfumu, aliyense akumva. Amayi ndi achinyamata akhale m'komiti, azilankhulamo. Anthu akaona phindu la nkhalangoyi, sadzafuna mlonda, adzailondera okha.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti nkhalango ndi dimba la anthu a kwa Nsanama zatsegulidwa. Mulungu adalitse Machinga, adalitse Malawi.