Chimanga Chapadera Chizisungidwa Kuti?

Bambo wapampando, aphunzitsi athu akale, ndi anzanga nonse amene tidakulira limodzi pa nsima ya mgaiwa, mwandipempha kuti ndilankhulepo za kasungidwe ka katundu, ntchito imene ndimagwira m'boma. Ndipereka chitsanzo cha chimanga.

Chimanga chisanafike kwa wogula chimadutsa m'malo angapo: nkhokwe zazikulu za ku Kanengo, madepoti a ADMARC, kenaka misika ya kumidzi. Woyang'anira aliyense amafuna kusungako matumba apadera poopa kusoŵa. Onse akatero, ndalama zambiri zimangogona m'chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe, komabe msika wina uli mbee.

Funso loyenera ndi ili: chikatha pano, china chifika patapita masiku angati? Lole yochokera ku Kanengo imafika pa depoti tsiku limodzi kapena aŵiri, choncho palibe chifukwa chodzazira depoti mpaka kudenga. Chapadera chochuluka chizikhala pakati, pakuti maboma onse sasoŵa tsiku limodzi. Koma msika umene msewu wake umaduka m'dzinja, monga ina ya ku Nsanje, uzilandiriratu chake mvula isanayambe.

Kumene kudikira kumatalika zedi ndi ku Kanengo komweko. Chimanga chogula kunja, chodzera ku Beira kapena Nacala, chimatenga miyezi. Enanu mukukumbukira. Pofika pakati pa 2001 chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa pafupifupi chonse, zokolola zidachepa, ndipo mu February 2002 anthu ankafa ndi njala, chakunjacho chikubwera pang'onopang'ono.